Kauntala ya wailesi yanga itakakamira pa 10.695

Wailesi imene ndikunena pano anandipatsa ndi malume anga atasiya ntchito yoyendetsa mathiraki. Inayenda nawo zaka zambiri ku Beira, ku Nacala ndi ku Johannesburg itamangiriridwa pansi pa dashibodi, ndipo mpaka lero mukaitsegula mumamva kafungo ka dizilo ndi fumbi. Ndi ija ya matchanelo 40 ndi switchi yosinthira mabandi, ili ndi njira zinayi zotumizira mawu, AM, FM, USB ndi LSB, komanso kawindo ka manambala asanu kosonyeza frequency. Kawindoko ndiko nkhope ya frequency counter, imene ife timangoti kauntala. Anzanga a kuno ku Area 25 wailesi yonseyo amaitcha ova-ova, chifukwa pa zonse zimene ndimalankhula usiku, mawu amene amadutsa mpanda n'kuwafika ndi amenewo.

Ndimaigwiritsa ntchito pa bandi ya mamita 10, yochokera pa 28.000 kufika pa 29.700 MHz, imene ndi ya ife ochita zamawailesi mongokonda. Chilolezo chake amapereka ndi a MACRA, ndipo zizindikiro za masiteshoni a ku Malawi zimayamba ndi 7Q. Poti tilipo ochepa, ukangoitana kamodzi anthu a ku Ulaya amakuunjikira ngati nkhuku zikaona madeya. Chaka cha 2024 dzuwa linali pachimake pa mkombero wake wa zaka 11, ndiye bandi imeneyi imatseguka pafupifupi masana alionse. Sinali nthawi yoti wailesi idwale.

Vuto linayamba mvula itakhazikika, cha mu Januwale. Ndimakonda kukhala pa 28.405, koma kawindo kanayamba kuonetsa 28.403, nthawi zina 28.402, kenako n'kubwerera pa 28.405 kwa kamphindi. Chimene sindinachiganizire panthawiyo n'chakuti nambala imangotsika. Sinakwerepo n'kamodzi komwe kupitirira 405. Ndikanaima pamenepo n'kudzifunsa chifukwa chake, nkhaniyi ikanakhala yaifupi.

M'malo mwake ndinagamula ndekha kuti wailesi yakalamba ndipo yasuntha pa frequency. Ndinamasula chivindikiro, ndinapeza timakoyilo titatu tondondozana pafupi ndi PLL, chipangizo chosunga wailesi pa frequency yake, kamodzi ka AM, kena ka USB, kena ka LSB, ndipo ndinalowetsa kasikuludalaiva kachitsulo kokonzera mawotchi mu ka USB kaja. Ndimapotokola pang'onopang'ono maso ali pa kawindo mpaka nambala inafika pa 28.405. Pomaliza penipeni ndinamva kuti thee. Kamtima ka ferrite ka m'kati mwa koyilo kanali katang'aluka, osayendanso kutsogolo kapena kumbuyo. Ndinadzitonthoza kuti poti nambala yakhala bwino, zilibe kanthu.

Madzulo ake ndinaitana mnzanga wa ku Likuni amene timayesana naye mawailesi. Anatenga nthawi kuti ayankhe, ndipo atayankha anayamba ndi kuseka.

"Achimwene, mwameza bakha kodi? Ndakupezani kumtunda, pafupifupi 2 kHz. Dzulo munali pamalo penipeni."

"Dzulo kauntala imanena 403."

"Kaya kauntala yanuyo. Ine ndikunena zimene khutu langa linamva."

Ndinakana. Ndinati mwina yake ndiyo yasuntha. Patapita masiku atatu, wailesi ili pa AM, kawindo kanasiya kuvina n'kuima pa nambala imene sindinaionepo: 10.695. Ndikasintha tchanelo, 10.695. Ndikasintha bandi, 10.695. Koma masiteshoni amamvekabe bwinobwino, ndipo ndikatembenuza tchanelo mawu amasintha monga mwa masiku onse. Milungu iwiri inatha ndikufufuza pa intaneti bolodi yatsopano ya kauntala, chifukwa m'mutu mwanga chip yake inali itapsa. Ndinaipeza kunja, koma ndalama yotumizira inaposa mtengo wa bolodiyo, kusiyapo nkhani yosowa ndalama zakunja imene tonse tikuidziwa.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ku Old Town, chakufupi ndi msewu wa Malangalanga. Kashopu kawo n'kodzadza ndi ma TV akale ndi maampulifaya a m'matchalitchi, koma unyamata wawo anathera pokonza mawailesi olankhulirana a m'maesiteti a fodya. Ndinatsika minibasi wailesi ili m'chikwama cha kumsana, n'kuwafotokozera kuti ndikufuna andithandize kupeza chip.

"Musanandiuze mankhwala, tandiuzani matenda," anatero. "Ikulemba chiyani?"

"Palibe chanzeru, madala. Yangoima pa 10.695."

"Ndiye mukuti palibe chanzeru? Taikani pa USB."

Tinailumikiza ku magetsi a 13.8V a pa tebulo lawo. Pa AM inalemba 10.695. Nditaika pa USB inalemba 10.692, pa LSB 10.697. Madala anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Chip yakufa imadziwa kuti mwasintha switchi? Mwana wanga, kauntala iyi ili moyo kuposa ine. Ikukuuzani vuto lake milungu iwiri yonseyi, inu osamva."

Anatenga katoni ya sopo n'kuyamba kulemba masamu kumbuyo kwake, ndipo zimene anandiphunzitsa pa katoniyo ndi zimene zandichititsa kulemba nkhaniyi.

Kauntala ya m'wailesi zamtunduwu siwerenga frequency imene ikutuluka pa eriyo. Ikanatero bwenzi ikugwira ntchito pokhapokha mukulankhula, chifukwa pomvetsera wailesi situlutsa kanthu. Imene imawerenga ndi VCO, kachipangizo kopanga mafunde kamene PLL imakalamulira, ndipo kamagwira ntchito nthawi zonse, polankhula ndi pomvetsera pomwe. Pa bolodi ngati yanga, VCO imakhala pansi pa frequency yeniyeni ndi 10.695 MHz, imene ndi IF ya wailesiyo, frequency yapakati imene wailesi imasandutsirako mafunde isanatulutse mawu. Ndikakhala pa 28.405 pa AM, VCO ili pa 17.710. Kauntala imatapa pang'ono mafunde a VCO kudzera pa kakapasita kakang'ono ndi kawaya ka coax, thiranzisita imawakulitsa, kenako chip imawawerenga kwa kanthawi koyezedwa ndi crystal yakeyake. Tiyerekeze kuti kanthawiko ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi: ipeza mafunde 17,710. Ikatero imaonjezera 10,695 imene inasungidwa kale m'mutu mwake, n'kulemba 28.405. Makauntala ambiri amayamba agawa mafundewo asanawawerenge, koma masamu ake amathera pomwepo.

"Tsono ngati palibe chimene chafika kuti iwerenge?" anandifunsa. "Ziro kuphatikiza 10.695?"

Ndinangoti kakasi. Anati zili ngati sikelo yogulira chimanga: mukaona ikulemba kulemera kwa ndowa yokha, sikelo sinafe, m'ndowamo ndimo mulibe chimanga. Pa USB ndi LSB ndowayo imasintha pang'ono, 10.6925 ndi 10.6975, n'chifukwa chake manambala anasuntha nditatembenuza switchi. Zimenezo zokha zinatiuza kuti chip ili bwino, magetsi ake akufika, kawindo kali bwino, ndi mawaya ouza kauntala za USB ndi LSB ali bwino. Chotsala chinali njira imodzi yokha, yochokera pa VCO kufika pakhomo pa kauntala. Ndipo poti wailesi imamva masiteshoni, VCO nayo inali moyo.

Ananenanso kuti mawailesi ena ali ndi nambala yawo yolirira. Aja a IF ya 7.8 MHz, monga Cobra 2000 GTL, VCO yawo imakhala pamwamba, pa 34 MHz ndi kanthu, ndiye kauntala imachotsera m'malo moonjezera. Mafunde akasowa imachotsa 7.800 pa ziro n'kulemba 92.200. Munthu wosadziwa amaganiza kuti wailesi yake yathawira ku bandi ya FM.

Za kutsika kwa nambala kuja anazimasulanso mosavuta. Mafunde akafika ofooka, chip imaphonya ena. Kuphonya awiri okha pa 17,710 aja, kawindo kalemba 28.403. Kauntala yanjala imaphonya, siingapeke mafunde amene kulibe, n'chifukwa chake nambala imangotsika osakwera. Wailesi inali pamalo pake nthawi yonseyo, monga ananenera mnzanga wa ku Likuni. Apa ndi pamene ndinaulula za koyilo ija. Madala sanakalipe. Anangofunsa ngati malume anga, chingwe cha sipidomita chikaduka pa msewu wa ku Mwanza, amatsika n'kuyamba kumasula injini.

Kupeza malo enieni a vuto kunatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo chida chake chinali mswachi wakale. Wailesi ili yoyaka, anagwira kumutu kwa mswachi n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi chigwiriro chake cha pulasitiki, kuyambira pa kakapasita kotapira mafunde, kutsata kawaya ka coax kotuwa, mpaka pa kapulagi kolowa m'kabokosi kachitsulo ka kauntala. Atangokankha kapulagiko, kawindo kanati phethi, manambala a 28 n'kuonekera, atachotsa dzanja n'kubwerera pa 10.695. Anabwereza katatu kuti ndione ndi maso anga. Tinamasula kabokosiko n'kuyang'ana kunsi kwa bolodi ndi galasi lokulitsira. Solda ya pa mwendo wa pulagi inali ndi mng'alu wozungulira, wopyapyala ngati tsitsi, ndipo m'mbali mwake munali dzimbiri lobiriwira ndi zitosi za mphemvu. Zaka zonse zogwedezeka m'thiraki zinang'amba soldayo, chinyezi cha dzinja chinangomalizitsa. Pamene mng'alu unali waung'ono, mafunde amadumphabe pang'ono, chifukwa pa ma MHz ngati amenewa zitsulo ziwiri zoyandikana kwambiri zimakhala ngati kapasita. Utakula, anasiyiratu.

Anachotsa solda yakale yonse, anatsuka ndi sipiliti, n'kuwotcherera yatsopano. Musamangothira solda yatsopano pamwamba pa yadzimbiri, imaoneka yokongola kunja koma m'kati mng'alu ulipobe. Titayatsa pa USB, kauntala inalemba nambala yosagwedezeka: 28.407. Madala analoza ndi mswachi uja.

"Iyo ndiye ntchito ya manja anu."

Kukonza zimene ndinaononga ine kunatenga nthawi yaitali kuposa kukonza vuto lenileni. Ferrite yong'aluka imaluma mazinga a m'kati mwa koyilo, ndipo ukaikakamiza umaononga koyilo yonse. Anazula koyiloyo pa bolodi, n'kutulutsa zidutswazo chakunsi ndi kamtengo kotokosera m'mano, kenako anafufuza m'katoni ya mabolodi akufa mpaka anapeza kamtima kofanana nako. Poyeza sanayang'ane n'komwe kawindo ka wailesi. Anagwiritsa ntchito kauntala yawo ya pa tebulo ya manambala asanu ndi atatu, imene anaisiya yoyaka theka la ola kuti itenthe, ndi kopotokolera ka pulasitiki. Anaika wailesi pa tchanelo 19 ya bandi yapakati, imene ndi 27.185, clarifier yosunthira frequency pang'ono ili pakatikati, n'kuyeza VCO pomvetsera: 16.4900 pa AM, 16.4925 pa USB, 16.4875 pa LSB.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna anzanga ogula mawailesi amenewa achimvetse. Ngakhale kauntala ya m'wailesi itakhala yabwinobwino, si chida choyezera. Manambala asanu amatanthauza kuti kusiyana kochepetsetsa kumene ingaone ndi 1 kHz, ndipo nambala yomalizirayo ili ndi ufulu wosewera ndi imodzi, malinga ndi pamene kanthawi kowerengera kayambira. Pa SSB, kutanthauza USB ndi LSB, kusemphana ndi 200 Hz kokha mawu ayamba kale kumveka achilendo. Ndiye mutha kukhala kutali mokwanira kuti mnzanu akusekeni, kawindo kakulemba nambala yolondola. Kawindoko ndi kokuuzani kuti muli mudzi uti. Khomo la nyumba mulipeza ndi khutu kapena ndi chida china.

Ndinabwerera ku Area 25 ndikudziona ngati ndamaliza, koma usiku womwewo magetsi atathima ndinalumikiza wailesi ku batire ya sola, ndipo ndikangokanikiza maiki n'kulankhula mokweza, manambala amazilala n'kusokonekera. Ulendo uno sindinagwire sikuludalaiva. Ndinayamba ndi kuchotsa eriyo n'kuika dummy load yanga, yomwera mphamvu ya wailesi m'malo mwa eriyo, imene ndinapanga ndi maresisita 20 a 1k, a 2W iliyonse, olumikizidwa mogundana mitu kuti apange 50 ohm. Cholinga chake n'chakuti, ngati manambala akhazikika pa dummy load koma akusokonekera pa eriyo, ndiye kuti mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo ikulowa m'kauntala, ndipo muyang'ane SWR, muyeso wa mphamvu yobwererayo, ndi pulagi ya eriyo ya PL-259, imene nthawi ya mvula imamwa madzi. Kwa ine kusokonekera kunapitirira ngakhale pa dummy load, ndiye eriyo inalibe mlandu.

Malitimita, choyezera magetsi, ndiyo inagwira wakuba. Pa batire penipeni panali 12.4V, koma kumbuyo kwa wailesi, ndikaliza mluzu pa maiki, amatsika kufika pansi pa 11V. Mawaya anga anali aja opyapyala a masipika, aatali mamita anayi, ogwiritsa ndi timano ta ng'ona tadzimbiri. Kauntala imadya 5V yochokera pa regulator ya 7805, imene imafuna pafupifupi 7V polowera kuti igwire bwino, ndipo nayo imadyetsedwa ndi mzere wa 8V wa wailesi. Magetsi akagwa kumtunda, onse a kunsi amagwa motsatizana. Ndinagula waya wonenepa wa galimoto, ndinaufupikitsa, n'kumanga ndi mabawuti pa batire. Ndili komweko ndinasinthanso makapasita awiri a pafupi ndi 7805, chifukwa imodzi inali itatupa pamutu. Akale anali a 85°C, ndinaika a 105°C. Makapasita amtunduwu amauma ndi kutentha, ndipo amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi 10°C moyo wake umadulidwa pakati. Ganizirani m'kabini ya thiraki yoima pa dzuwa la Okutobala pa chipata cha Dedza.

Kuchokera nthawi imeneyo anzanga angapo andibweretsera mawailesi a makauntala odwala, ndipo funso langa loyamba ndi lija la madala: ikulemba chiyani, nanga wailesi ikumva? Kawindo kakazimiratu koma mawu akumveka, ndimayamba ndi switchi yozimitsira kawindo, chifukwa mawailesi ambiri ali nayo ndipo ana amakonda kuidina, kenako 5V. Kakasowa kamzere kamodzi ka nambala, 8 n'kumaoneka ngati 0 kapena 9, kuwerenga kuli bwino, vuto ndi solda ya pa miyendo ya kawindo. Nambala ikalakwika ndi 2 kapena 3 kHz pa USB pokha kapena pa LSB pokha, AM ili bwino, ndimatsata waya wochokera ku switchi ya mode, yosankhira AM, USB kapena LSB. Ikalakwika pang'ono paliponse, mosagwedezeka, wailesi ili pamalo pake, ndiye crystal ya kauntala yakalamba, ndipo pambali pake pamakhala katrimmer kobwezera, kamene sikakhudza wailesi n'komwe. Pokhapokha nambala ikamayendayenda, kukwera ndi kutsika komwe, wailesi nayo ili duu osamva kanthu, m'pamene ndimakhulupirira kuti kauntala ikunena zoona ndipo PLL yataya VCO. Imeneyo ndi ntchito ina.

Poti si aliyense ali ndi kauntala ya pa tebulo, mboni yachiwiri yotsika mtengo ndi kachipangizo kolandira mafunde ka RTL-SDR kolowetsa pa kompyuta. Kamamva kuyambira cha pa 24 MHz kupita m'mwamba, ndipo kokhala ndi TCXO ya 1 ppm, crystal yosasuntha kwambiri ndi kutentha, kamalakwitsa ndi ma Hz osaposa 30 pa bandi yathuyi. Osakalumikiza ku wailesi mwachindunji, mungakaphe nthawi yomweyo. Ikani wailesi pa dummy load, pa AM, kachipangizoko kakhale chapatali ndi kawaya kakafupi, mukanikize maiki n'kuona pamene mzere waima. Palinso mabikoni, masiteshoni odzilirira okha, a mabungwe a NCDXF ndi IARU pa 28.200, okwana 18 padziko lonse, amene amalira mosinthana masekondi 10 iliyonse, kuzungulira mphindi zitatu. Yapafupi ndi ife ndi ZS6DN ya ku South Africa ndi 5Z4B ya ku Kenya. Bandi ikatseguka, amakuuzani ngati khutu la wailesi lili pamalo.

Masiku ano nambala yomalizira ya kawindo kanga nthawi zina imaphethira pakati pa 5 ndi 4, makamaka m'mawa wa mu Juni wailesi isanatenthe. Ndimangoiyang'ana. Zidutswa za ferrite zija madala anandikulungira m'kapepala, zili m'bokosi la machesi pafupi ndi maiki.

Malume anabwera pa Isitala kudzaona ana, ndipo ndinawaonetsa wailesi yawo ikugwira ntchito, ndikufotokoza monyadira za mng'alu wa pa pulagi. Anamvetsera mpaka kumapeto akumwa tiyi.

"Aa, manambalawo? Anayamba kalekale kuvina, tikuchokera ku Tete. Ine ndimangoimenya khofi pambali apa, basi abwerera."

"Nanga bwanji simunandiuze, malume?"

"Unandifunsa?"